PHUNZIRO LA ZA PAKHOMO: KUSANKHA NDI KUSUNGA CHINANAZI KUNO KUCHIGWA



Phunziro la ulendo uno likukhudza chipatso chimene tonse timachikonda koma ambiri sitichilima. Kuno kuchigwa tili ndi masawu, malambe, mango ndi mapapaya. Chinanazi chimachita kutsika kuchokera kumapiri a Thyolo ndi Mulanje, ndipo chimatipeza ndi mtengo wa ulendo wake. Mayi akachigula amakhala atapatula ndalama imene akanagulira ndiwo kapena sopo. Choncho zimawawa kufika nacho kunyumba n'kupeza kuti n'chowawasa moti ana akuchilavula, kapena kuti m'kati mwabiriwira ndipo mukununkha mowa. Zimawawa koposa ngati chipatso chimene tinagula kuti chipatse thanzi ndicho chabweretsa kutsegula m'mimba pakhomo.

Mfundo yaikulu ya phunziroli ndi imodzi: chinanazi chikadulidwa kumunda, kutsekemera kwake kwalekera pomwepo. Sichiwonjezeranso shuga. Chimene chimatsala n'kufewa ndi kuwonongeka, ndipo kutentha kwa kwathu kuno kumafulumizitsa zimenezi. Ndiye kuti ntchito yaikulu ili pamsika, posankha. Yachiwiri ili pakhomo, podya msanga ndiponso mwaukhondo.

1. CHINANAZI SICHIVUNDIKIDWA NGATI NTHOCHI

Tinazolowera kugula nthochi zaziwisi n'kuzivundika m'thumba kapena m'dengu. Pakapita masiku 3 kapena 4 timazipeza zitapsa, zotsekemera bwino. Mango ndi mapapaya amachitanso chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti zipatso zimenezi, makamaka nthochi ndi mango, zimathyoledwa zili ndi chakudya chonga ufa m'kati mwake, chimene akatswiri amachitcha sitachi. Zikamapsa, sitachi ija imasanduka shuga.

Chinanazi chilibe nkhokwe yotere. Shuga wake amapangidwa m'masamba a mbewu ndipo amalowa m'chipatso kudzera pa phesi, makamaka m'masabata omaliza chisanakhwime. Mlimi akadula phesilo, njira ya shuga yatsekeka. Mukachisunga, khungu limasintha mtundu kukhala lachikasu, mnofu umafewa, ndipo kuwawasa kungachepeko pang'ono, koma shuga amakhala yemwe uja amene chinachoka naye kumunda. Chinanazi chothyoledwa chosakhwima, ngakhale mutachivundika pamodzi ndi nthochi sabata yathunthu, chidzawola chisanakome.

Mbewu imeneyi imafuna kudekha. Kuchokera pobzala mpaka pokolola chipatso choyamba pamapita chaka ndi theka, mwinanso zaka 2, ndipo tsinde limodzi limabereka chipatso chimodzi pa nthawi. Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Apwitikizi ndiwo anaifalitsa m'magombe a Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo dzina loti nanazi linachokera ku dzina limene iwo anatenga kwa eni mbewuyo, loti ananas. Imakonda dothi losasunga madzi ndi mvula yokwanira, n'chifukwa chake imachita bwino ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay kusiyana ndi m'dothi lamakande la kuno.

2. ULENDO WA CHINANAZI

Ganizirani njira imene chinanazi chimayenda chisanafike m'manja mwanu. Chochokera ku Mulanje chikadzera ku Limbe ndi ku Blantyre, chimatsika phiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Nsanje pali makilomita pafupifupi 180. A kutsidya la kum'mawa amachiona chikutsika mapiri a Thekerani kulowera ku Muona. M'njira monsemo chimakhala m'thumba, chopanikizika pansi pa mpando wa minibasi kapena chomangidwa pa njinga, chikugundana ndi zinzake.

Pali zinthu ziwiri zimene tikuphunzirapo. Choyamba, alimi ndi ogulitsa ambiri amasankha kuthyola chinanazi chisanapsetse poopa kuti chingaphwanyike m'njira. Sitingawadzudzule, nawonso akuteteza mpamba wawo, koma wogula ayenera kutsegula maso. Chachiwiri, paliponse pamene chinanazi chagundika kapena kulasidwa ndi masamba a chinzake pamakhala khomo la chuku. Pali mtundu wa chuku umene umalowera pamene phesi linadulidwa ndi pa mabala, n'kufewetsa mnofu mpaka kuda. Kukatentha ndiponso kukakhala chinyontho, ntchito yake imatha m'masiku ochepa chabe. Ife tikudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nchalo kumapitirira madigiri 40. Chinanazi chimene ku Thyolo chikanakhala masiku angapo, kuno sichichedwa.

3. KUSANKHA PAMSIKA

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maso okha sangakwanitse ntchitoyi. Gwiritsani mphuno, manja ndi makutu omwe.

Nunkhizani kutsinde. Tembenuzani chinanazi, muike mphuno kumene phesi linadulidwa. Chinanazi chimayamba kupsa kutsinde n'kumakwera kumutu, choncho fungo limayambira kumeneko. Chakupsa bwino chimanunkhira kutsekemera. Chopanda fungo lililonse chinathyoledwa msanga. Chimene chikumveka ngati mowa kapena viniga chayamba kusasa, chisiyeni ngakhale atachitsitsa mtengo. Mwa njira zonse, iyi ndiyo yodalirika koposa.

Chinyamuleni. Tengani ziwiri zofanana msinkhu, china dzanja ili china dzanja ilo. Cholemera ndicho chili ndi madzi ambiri. Chopepuka chinayamba kuuma kapena sichinakhwime.

Chisindikizeni pang'ono ndi chala. Chikhale cholimba koma chovomera pang'ono. Cholimba gwa ngati mwala n'chosapsa. Chimene chili ndi malo ofewa, onyowa kapena odontha madzi chavulala. Sindikizani mwaulemu, pakuti katunduyo ndi wa mwini wake.

Yang'anani maso ake. Timaso ta pakhungu tikhale totambasuka, todzaza, tofanana kukula kuyambira pansi mpaka chapamwamba. Timaso tating'ono tosongoka timasonyeza kuti chipatso chinali chisanamalize kukula. Dziwani kuti pali mitundu iwiri yodziwika. Wina ndi waukulu, wa masamba osalala ndi madzi ambiri, umene a zaulimi amautcha Smooth Cayenne. Wina ndi waung'ono, wa masamba aminga, maso akuya ndi mnofu wachikasu kwambiri, wotchedwa Queen. Kuchepa kwa chinanazi cha mtundu wachiwiriwu si chilema. Nthawi zambiri chimatsekemera ndi kununkhira kuposa chachikulu.

Onani mtundu wa khungu, koma musaudalire wokha. Chikasu chiyambire kutsinde. Ngati chakwera mpaka pakati, chinanazicho n'chabwino kudya lero kapena mawa. Ngati chonse chachita chikasu, idyani lero lomwe. Ngati chayamba kufiira moderako ngati dothi la katondo ndipo khungu lakwinyika, chapitirira. M'nyengo yotentha chinanazi chingathe kupsa m'kati khungu likadali lobiriwira, n'chifukwa chake mphuno iyenera kutsimikizira zimene maso aona.

Yang'anani masamba a kumutu ndi podulira. Masamba akhale obiriwira, osafota. Podulira phesi pakhale pouma, popanda chuku choyera kapena chakuda. Ngati tintchentche ting'onoting'ono tikuzungulira chinanazi chimodzi pamulu, tikukuuzani kuti chimenecho chili ndi bala.

Gogodani ndi chala. Chakupsa chimalira mogonthera, ngati chinthu chodzaza. Chosapsa chimalira ngati muli mphako. Njira imeneyi imafuna kuzolowera, choncho ikhale yongothandizira zinazo.

Pomaliza, funsani wogulitsa kuti katunduyo anafika liti. Safunsa anadya phula. Mayi amene mumagula kwa iye kawirikawiri adzakuuzani zoona, chifukwa akufuna mudzabwerenso.

4. ZIMENE TIMAMVA KOMA SIZITHANDIZA

Ena amati tsamba la pakati likazuka mosavuta ndiye kuti chinanazi chapsa. Tsamba limazukanso mosavuta pa chinanazi chimene chakhalitsa kapena chayamba kuwola kumutu. Musagule chifukwa cha tsamba lokha, ndiponso musamazule masamba pa katundu amene simunagule.

Ena amati mukachiimika chozondoka usiku wonse, shuga wa kutsinde amatsikira kumutu. Shuga sayenda chotero m'chipatso. N'zoona kuti kutsinde n'kotsekemera kuposa kumutu, ndipo pofuna kuti aliyense alaweko mbali zonse ziwiri, dulani m'litali, kuchokera kumutu kutsikira kutsinde. Kuimika chozondoka kuli ndi phindu lina: podulira pamauma ndipo kutsinde, komwe n'kofewa, sikutsamira pansi.

Ena amachiika padzuwa kuti chipse. Dzuwa la kuno limangochiwotcha mbali imodzi n'kuchifulumizitsa kusasa.

5. KUSUNGA CHINANAZI CHATHUNTHU

Lamulo loyamba ndi kugula chimene mudye. Nthawi yotentha, chinanazi chakupsa chidyedwe tsiku lomwelo kapena tsiku lotsatira. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chingathe kufika masiku 3 kapena kupitirira pang'ono.

Pochokera kumsika, chiikeni pamwamba pa katundu, osati pansi pa thumba la ufa. Pa njinga chikulungeni ndi chitenje kuti chisagundike.

Mukafika kunyumba chitulutseni m'jumbo. Jumbo imasunga kutentha ndi chinyontho, zomwe chuku chimakonda. Chiikeni pamthunzi, podutsa mphepo, pamalo okwera monga pa thandala la pakhonde kapena m'dengu lopachika, kutali ndi mafuwa, nkhuku ndi makoswe. M'nyumba ya malata masana mumatentha kuposa pansi pa mtengo. Musachitsuke pochisunga. Mudzachitsuka nthawi yosenda ikakwana, chifukwa madzi otsalira m'maso mwake amawoletsa. Chiyendereni m'mawa ndi madzulo, mukuchinunkhiza kutsinde.

Amene muli ndi filiji, chinanazi chakupsa chingakhalemo masiku 4 kapena 5. Chiikeni m'munsi, mosungira masamba, kumene sikuzizira kwambiri. Chipatso ichi n'cha kotentha, ndipo chikakhalitsa pozizira kuposera madigiri 7 kutsika m'munsi, mnofu wa pafupi ndi mtima wake umabiriwira ngakhale kunja kukuoneka bwino. Chosapsa ndicho chimawonongeka msanga ndi kuzizira.

Amene tilibe magetsi tili ndi njira ya miphika iwiri. Mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, anaifalitsa m'midzi ya kwawo m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 2000 analandira mphotho chifukwa cha ntchitoyi. Tengani miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Thirani mchenga pansi pa waukuluwo, lowetsani waung'ono, ndipo dzazani mchenga pampata wa pakati pake. Nyowetsani mchengawo m'mawa ndi madzulo. Ikani zipatso mumphika wam'kati, vundikirani ndi nsalu yonyowa, ndipo muuike pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma kunja kwa mphika amachotsa kutentha m'kati, monga momwe madzi a mumtsuko amazizirira. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe, mpweya ukakhala wouma. M'dzinja, kukakhala chinyontho, mphamvu yake imachepa. Ndi yosungira zipatso zathunthu, tomato ndi masamba. Siyokwanira kusunga chinanazi chosendasenda.

6. KUSENDA MWAUKHONDO

Gawo ili ndilo lofunika kwambiri pa moyo wa banja. Zinanazi zimachuluka mvula ikamayamba, chakumapeto kwa chaka mpaka mu Januwale, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwenso matenda otsegula m'mimba amafala. Sitinaiwale kolera amene boma linalengeza pa 3 Malichi 2022, patangopita milungu yochepa namondwe wa Ana atasefukiza madzi kuno kuchigwa. Nsanje linali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Pofika m'chaka cha 2023 mliriwo unali utafika m'maboma onse, anthu oposa 58,000 atadwala ndipo oposa 1,700 atamwalira. Dziko lathu linali lisanaonepo kolera woopsa chotere.

Tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena a m'mimba timachokera m'chimbudzi cha munthu, n'kufika pakamwa kudzera m'madzi, m'manja, pa ziwiya ndi pa ntchentche. Chinanazi chathunthu chimatetezedwa ndi khungu lake. Koma khungu lomwelo lagona pansi pamsika, lagwidwa ndi manja ambiri, ndipo maso ake amasunga fumbi. Mpeni ukadutsa pakhungu lakuda umatenga zonsezo n'kuzipaka pamnofu. Kuwawasa kwa chinanazi sikungadaliridwe kuti kupha tizilombo.

Tsatani ndondomeko iyi. Sambani m'manja ndi sopo, madzi ake ochita kuthirirana, osati a m'beseni imodzi. Tsukani chinanazi chonse ndi madzi otetezedwa, kutanthauza owiritsa kapena othira klorini monga alangizi a zaumoyo amatiphunzitsira, ndipo chikwecheni ndi kaburashi kapena chinkhupule chatsopano. Tsukani mpeni ndi thabwa kapena mbale yodulirapo. Mpeni umene mwatumbulira nsomba kapena nkhuku usakhudze chipatso usanatsukidwe ndi sopo. Dulani kumutu ndi kutsinde, imikani chinanazi, ndipo sendani kuchokera pamwamba kutsika pansi. Sendani mopyapyala, chifukwa mnofu wa pafupi ndi khungu ndi wotsekemera, kenako kolowolani maso otsalawo ndi nsonga ya mpeni. Tsukaninso mpeni ndi m'manja musanayambe kudula zidutswa. Mtima wa pakati umadyedwa, kungoti ndi wolimba. Akuluakulu angautafune, koma ana aang'ono musawapatse.

Mukapeza malo ang'onoang'ono ogundika, dulani mowolowa manja n'kutaya. Ngati m'kati muli chuku, mnofu ukuterera, kapena mukununkha mowa, tayani chonse. Ndalama yatayika kale, musawonjezerepo ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Chinanazi chikasendedwa, nthawi yayamba kuwerengedwa. Malangizo a zaumoyo amati chakudya chotere chisakhale kunja kwa filiji kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Kuno masiku ambiri a chilimwe amapitirira pamenepo. Choncho sendani anthu odya atakhala kale pamphasa. Chovundikira chikhale pafupi chifukwa cha ntchentche. Ngati chatsala ndipo muli ndi filiji, chiikeni m'kontena yotseka ya pulasitiki kapena yagalasi, mudye pasanathe masiku 3. Musachisunge m'poto wa chitsulo, chifukwa kuwawasa kwake kumadya chitsulocho n'kusintha kakomedwe. Magetsi akazima kwa maola ambiri, musachikhulupirirenso. Ngati mulibe filiji, gawirani anansi, kapena chiwiritseni ndi shuga pang'ono kuti chidyedwe madzulo a tsiku lomwelo.

Nanga zidutswa zosendasenda zimene zimagulitsidwa pamsika ndi pa siteji ya basi? Zimakopa chifukwa n'zotsika mtengo ndipo ludzu la kuno ndi lalikulu. Koma simudziwa kuti zinasendedwa nthawi yanji, ndi mpeni wotani, ndiponso madzi amene akuwazapo kuti zioneke zatsopano atungidwa kuti. M'nyengo ya mvula, makamaka kukamveka kolera, uzani ana kuti asagule. Ndi bwino amayi awiri kapena atatu kusonkherana n'kugula chathunthu. Amene mumachita geni ya zipatso, sendani wogula akuona, ndi madzi otetezedwa, ndipo khalani ndi chovundikira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, makamaka chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, mupatseni madzi a ORS osungunula monga mwalembedwa papaketi, ndipo nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala akumwa m'njira. Madzi a chinanazi kapena zakumwa zina zotsekemera sizilowa m'malo mwa ORS, ndipo zingathe kuwonjezera kutsegulako.

7. ZIKACHULUKA NDI KUTSIKA MTENGO

Ife a kuchigwa timadziwa kuyanika masawu ndi mfutso. Chinanazi nachonso chimayanikika. Dulani mopyapyala, kukhuthala kwake kosaposa theka la sentimita. Yalani pa thandala loyera lokwera, zidutswa zisagundane, ndipo phimbani ndi nsalu yopyapyala yoyera. Musaphimbe ndi masikito ogonamo, chifukwa ali ndi mankhwala ophera udzudzu ndipo ntchito yake ndi kuteteza banja ku malungo. Tembenuzani masana, lowetsani m'nyumba madzulo. Dzuwa likakhala lamphamvu zimauma m'masiku 2 mpaka 4. Zauma ngati zikupindika ngati chikopa ndipo sizitulutsa madzi mukazifinya. Sungani m'botolo louma lotseka bwino. Kukachita mitambo ndi chinyontho musayambe ntchitoyi, zingachite chuku.

Njira ina ndi jamu. Dulani chinanazi chakupsa bwino tizidutswa ting'onoting'ono. Pa makapu 4 a chinanazi thirani makapu 3 a shuga ndi madzi a ndimu imodzi kapena ziwiri, pakuti ndimu ndiyo imathandiza jamu kugwirana. Wiritsani mukutakasa kwa mphindi 30 mpaka 45. Dontheza pang'ono pa mbale yozizira: ngati sakuyenderera, wapsa. Thirani akadali wotentha m'mabotolo amene mwawawiritsa pamodzi ndi zotsekera zake kwa mphindi 10, ndipo tsekani nthawi yomweyo. Botolo likatsegulidwa, gwiritsani supuni yoyera youma ndipo limalizeni msanga. Dziwani kuti kuwiritsa ndi kuyanika kumachepetsa vitamini C, choncho chachiwisi ndicho chopambana pa thanzi.

Makoko otsukidwa bwino musataye. Awiritseni kwa mphindi 20 kapena 30 ndi jinja pang'ono, sefani, ndipo mumwe tsiku lomwelo. Zotsalazo zipite kudzenje la manyowa, zisakhale pabwalo kuitana ntchentche.

8. NDANI ADYE, NDIPO MOTANI

Chinanazi chili m'gulu la zipatso, limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene timaphunzira kusikelo. Magalamu 100, omwe ndi kagawo kamodzi kokulirapo, ali ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 50. Vitamini ameneyu amathandiza mabala kupola ndi nkhama kulimba. Amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi chisoso. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino, kuchepa kwa magazi kunali vuto la tsiku ndi tsiku pakati pa amayi ndi ana. Kagawo ka chipatso pamapeto pa nsima ya nyemba n'kothandiza. Tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana, amatchinga ayironi, choncho amwedwe patapita ola limodzi kapena kuposerapo.

Kuyabwa kapena kuwotcha kwa lilime kumene timamva tikadya chinanazi kumachokera ku kuwawasa kwake ndi ku mphamvu ina ya m'chipatsochi yotchedwa bromelain, imene imafewetsa nyama. Sikoopsa ndipo kumatha kokha. Moto umaipha mphamvuyi, n'chifukwa chake chinanazi chophika sichiyabwa. Mphamvu yomweyi ingakuthandizeni pa nyama yolimba ya ng'ombe kapena ya mbuzi: ipakeni madzi a chinanazi chachiwisi kwa theka la ola musanaphike, osapitirira, ingasanduke phala. Mukasakaniza chinanazi chachiwisi ndi mkaka n'kusiya, mkakawo umadukaduka ndi kuwawa.

Amayi oyembekezera: m'madera ena muli chikhulupiriro chakuti chinanazi chimachotsa pakati. Palibe umboni wakuti chinanazi chakupsa, chodyedwa pa muyeso wa chakudya, chimachita zimenezi. Mayi adye, ndipo apitirize kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo. Ngati chikumupatsa chilungulira, achepetse ndipo asadye pokagona.

Ana: miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Akayamba zakudya zina mungamulawitse pang'ono chakupsa bwino, chophwanyaphwanya. Ana osakwana zaka 5 aduliridwe tizidutswa ting'onoting'ono ndipo adye atakhala pansi, wamkulu akuona, poopa kutsamwa.

Odwala matenda a shuga: chinanazi chili ndi shuga wambiri. Adye kagawo kakang'ono, kosaposa theka la kapu, pamodzi ndi chakudya china. Apewe madzi ake ofinya, jamu ndi choyanika, chifukwa m'menemo shuga ndi wochuluka. Atsate malangizo a kuchipatala kumene amalandira mankhwala.

Odwala amene ali ndi zilonda m'kamwa kapena pakhosi: chinanazi chimawapweteka ndipo angayambe kukana chakudya chonse. Apatseni nthochi kapena papaya kufikira zilonda zitapola.

Munthu akadya n'kutupa milomo kapena nkhope, kutuluka zidzolo, kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala ndipo asadzadyenso.

Tikamapita kukazonda odwala m'zipatala ndi m'midzi, tisamanyamule chinanazi chosenda m'mawa kuti chikadyedwe masana. Tengani chathunthu chotsukidwa, mpeni woyera ndi mbale ya chivundikiro, mukasendere komweko. Yambani mwafunsa anamwino ngati wodwalayo akuloledwa kudya, chifukwa ena amakhala akudikira opaleshoni. Zotsala agawane odikirira odwala nthawi yomweyo, zisagone pansi pa bedi.

ZOCHITA NDI MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

Atsogoleri, pa msonkhano wotsatira sonkheranani mugule zinanazi ziwiri, china chimene gulu likuganiza kuti n'chakupsa ndi china chosapsa. Mayi aliyense anunkhize, anyamule, agogode, ndipo anene maganizo ake musanadule. Kenako mayi mmodzi aonetse kasendedwe kaukhondo kuyambira posamba m'manja mpaka pogawa. Mukatha kambiranani mafunso awa:

1. N'chifukwa chiyani nthochi imatsekemera tikaivundika pamene chinanazi sichitero?
2. Tchulani zizindikiro 4 za chinanazi chabwino ndi 3 za chimene chayamba kuwonongeka.
3. Madzi amene timatsukira zipatso pakhomo pathu timatunga kuti, ndipo timawateteza bwanji?
4. Ana athu amagula zotani popita ndi pochokera kusukulu? Tingawalangize bwanji popanda kunyoza amayi anzathu ochita geni?
5. Ndani pagulu pathu amene amaumba miphika, kuti tiyesere njira ya miphika iwiri chilimwe chikubwerachi?

Zimene mwapeza, makamaka pa miphika iwiri ndi pa kuyanika, mutumize kudzera mwa mlembi wa gulu lanu kuti amayi a m'madera ena aphunzireko.